Kabanga koyera m'kamwa: kodi khansa yabweranso?

Funso: Adokotala, chaka chatha anandichita opaleshoni ya khansa ya pa lilime, kenaka ndinalandira chithandizo cha radiation (chowotcha khansa ndi cheza champhamvu). Tsopano m'kati mwa tsaya lamanzere mwatuluka kabanga koyera, kokhakhala, kukula kwake ngati chikhadabo. Sikapweteka, koma ndikapukuta ndi kansalu sikachoka. Tulo sindikupeza. Kodi yabweranso? Mayi wa zaka 54.

Yankho: Mayi, musadikire tsiku limene anakupatsani, pitani kuchipatala sabata ino. Kabanga kotere timakatcha leukoplakia. Kawirikawiri si khansa, ndipo mabanga ambiri safika poipa. Koma inu muli pachiopsezo chokulirapo, chifukwa chimene chinawononga lilime, kaya ndi fodya kapena mowa, chimakhudza m'kamwa monse. Zoyera za fangasi, zofala mwa anthu owuma m'kamwa chifukwa cha radiation, nthawi zambiri zimachoka mukapukuta. Kanu sikachoka, n'chifukwa chake ndikukufulumizitsani. Kakafiira ndiye musazengereze n'komwe.

Maso okha satha kuweruza. Adzatapako kanyama pang'ono n'kukapima pa maikulosikopu. Maselo akapezeka kuti ayamba kusintha, amakachotsa ndi opaleshoni kapena laser (kuwala kwamphamvu kowotcha). Nthawi zina kamameranso, choncho muzikajambula pa foni sabata iliyonse n'kuwaonetsa adokotala anu. Ngati mumasuta kapena kumwa mowa, siyiranitu.