Za first aid kuphiri: bandeji yokha sikwanira

Achimwene, mwafunsa zoti muike chani mu first aid kit pa ulendo wanu wa masiku atatu kuphiri, anthu 6 opanda wachipatala ndi mmodzi yemwe. Ndikuuzani, koma ndiyambe ndi chomwe ambiri sachiganizira. Kumene kuli msewu munthu akavulala mumangomukweza galimoto basi, koma kuphiri wovulalayo ndi wanu, mukhala naye maola 8, 10, mwinanso kugona naye konko, nde chimene chimavuta kwambiri si bala ayi, ndi kuzizira.

Ine ndinazionera ndekha. Mnzathu wina anangobinya phazi chakumadzulo, tinamumanga bwinobwino n'kumukhazika pamwala ife tili pa mtsutso woti titani, kamvula kakuwaza. Ola lisanathe munthu anayamba kunjenjemera, kenako zipi ya jekete yake yomwe kumukanika kutseka, zala zosagwira, tikamufunsa kanthu kuyankha ngati walawa. Za phazi zija tinaiwala. Kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa 35°C imeneyo ndi hypothermia, ndipo sizilira chisanu choopsa, zovala zonyowa ndi mphepo zakwana. Komanso mamita 1,000 alionse amene mwakwera kunja kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6, pansi mukutuluka thukuta pamwamba nkhani ina.

Nde wovulala musamugoneke padothi kapena pamwala, yalani zikwama, mat, chilichonse, muvuleni zonyowa avale zouma ndi chipewa, alowe mu sleeping bag kunja kwake mukute ndi pulasitiki. Ngati akumeza bwino mupatseni chakumwa chofunda cha shuga. Mowa ayi chonde, munthu amangomva ngati wafunda pomwe kutentha kukuthawira pakhungu. Ndipo akasiya kunjenjemera koma mutu sukuyenda musati wachira, apo zafika poipa, mugwireni pang'onopang'ono osamugwedeza.

Magazi akamatuluka kanikizani pabalapo ndi gauze mwamphamvu mphindi 10 osasuzumira, anthufe timalephera pomwepa, timangovundukula kuti tione ngati asiya. Tourniquet (lamba womanga mothina kuti magazi asiye kuyenda) ndi ya magazi amene akuchita kuthovoka pamkono kapena pamwendo ndipo akukana kusiya, mumange masentimita 5 mpaka 7 kuchokera pabala, chakumtunda kwake (cha kuthupi), osati pabondo kapena pachigongono, mulembe nthawi, osamasulanso mpaka afike kuchipatala. Bala wamba tsukani ndi madzi ambiri oti inuyo mutha kumwa, sirinji yopanda singano imapopera mchenga wonse kunja. Akathyoka, mangirirani ndodo mutaika nsalu mkati, kenako muzionaona zala ngati zikadali zofunda komanso akumva mukazikhudza.

Njoka: osatema, osayamwa, osamanga chingwe chothina. Muvuleni mphete ndi wotchi malowo asanatupe, mwendo usayendeyende, mumunyamule. Mankhwala ake ndi antivenom ndipo ali kuchipatala, zinazo n'kutaya nthawi.

Simunanene kuti phirilo ndi lalitali bwanji. Ngati mudutsa mamita 2,500 chenjerani ndi matenda obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, mutu kuwawa, nseru, kusowa tulo. Woteroyo asakwerenso. Akayamba kudzandira, kusokonezeka, kapena kupuma mwawefuwefu atangokhala, mutsike naye nthawi yomweyo olo usiku, ndipo asatsike yekha. Amavuta ndi anyamata amphamvu aja, amabisa poopa kusekedwa.

Tsopano za mu kit. Magolovesi, gauze yambiri kuposa mmene mukuganizira, bandeji yotamuka ziwiri, nsalu ya makona atatu yokolekera mkono, pulasitala wa mpukutu (uyu amathandizanso pa matuza, mumate phazi likangoyamba kutentha tuza lisanatuluke), sizasi, sirinji ija, foil blanket (chofunda chopyapyala chonyezimira chosunga kutentha), tochi yapamutu, wezulo, paracetamol, mankhwala a allergy ndi mapaketi a ORS. Ibuprofen ndi bho pa kutupa koma osamupatsa munthu amene madzi atha m'thupi, imapweteka impso, ndipo aspirin ayi kwa amene akutaya magazi. ORS ikatha, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Madzi a mumtsinje muwiritse abwate mphindi imodzi, pamwamba pa mamita 2,000 mphindi zitatu. Zonsezi muike m'chikwama chosalowa madzi ndipo aliyense adziwe kuti chili kwa ndani.

Musanayambe ulendo siyirani munthu wodalirika njira yomwe mudzere ndi nthawi yobwerera, mumuuze kuti ikadutsa nthawi yakuti aimbire opulumutsa. Netiweki ikakhala yofooka SMS imatha kudutsa pomwe kuimba kukukanika, ndipo batire imatha msanga kozizira nde foni izikhala m'thumba lamkati. Ngati mpata ulipo awiri mwa inu achite kosi ya wilderness first aid (first aid ya kutali ndi chipatala), nthawi zambiri imakhala ya masiku awiri, chifukwa kumanga tourniquet koyamba munthu akukuwa si zocheza.

China, afunseni anzanuwo panopa, aliyense payekha osati pagulu, ngati alipo wa asthma, shuga, khunyu kapena amene amatupa akalumidwa ndi njuchi. Atenge mankhwala ake okwanira kuphatikiza a tsiku limodzi lapadera, ndipo akuonetseni thumba lomwe wawaika.