Tsiku la imfa ndikulikumbukira, koma miyezi yotsatira inafufutika

FUNSO: Ndili ndi zaka 46, ndimagulitsa kapenta pamsika wa Soweto mu Lusaka. Amuna anga anamwalira ndi korona mu June 2021. Tsiku limene anandiimbira foni kuchipatala ndimalikumbukira lonse, ngakhale chitenje chimene ndinavala. Koma ana akandifunsa za Khirisimasi ya chaka chimenecho, m'mutu mulibe kanthu. Mpaka lero ndimaiwala amene ndawakongoza. Kodi mutu wanga ukuwonongeka?
Mayi wa ku Matero

YANKHO: Pepani kwambiri, amayi. June ndi July 2021 inali miyezi yowawa muno mu Lusaka. Korona wa mtundu wa Delta anadzaza zipatala, maliro ankaikidwa mwachangu, olira ali owerengeka. Ambiri sanalire mokwanira, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima mpaka pano.

Zimene mwafotokozazi si misala ayi. Munthu akagwidwa ndi mantha, thupi limatulutsa timadzi (mahomoni) totchedwa adrenaline ndi cortisol, ndipo mbali ya ubongo yotchedwa amygdala imathandiza kuti mphindi yoopsayo ikhazikike zolimba. N'chifukwa chake chitenje chija mukuchionabe. Koma nkhawa ikatenga miyezi, cortisol yemweyo amasokoneza hippocampus, mbali imene imasunga zochitika zatsopano. Onjezani kusowa tulo, pakuti ubongo umalongedza za tsikulo tikagona. Komanso nthawi ya mliri masiku ankangofanana: maukwati ochepa, kuchezerana kochepa, palibe chosiyanitsa sabata ino ndi yatha. Khirisimasi ija mwina sinasungidwe bwino n'komwe, choncho musadzikakamize kuifukula.

Za ngongolezo, ndikuganiza kuti pomwe mukupima kapenta maganizo amakhala ali kwina. Gulani kope, lembani dzina ndi ndalama wogulayo asanachoke. Madzulo khalani ndi ana, muonere limodzi zithunzi za m'foni, iwo akusimbireni za chaka chija. Muwatchule bambo awo momasuka.

Pitani kukiliniki akakuyezeni BP ndi shuga, ndipo mukawauzenso za tulo ndi chisoni chanu. Mukayamba kusokera m'njira zimene mumazidziwa, kuiwala mayina a ana, kapena kuganiza zodzipha, musadikire, uzani wachibale akuperekezeni tsiku lomwelo. Akakutumizani ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo, musachite manyazi, kumeneko amathandizanso anthu amene chisoni chawakhalitsa.