Dyna ya matani awiri ndi laisensi ya B

Achimwene, mwafunsa ngati laisensi yanu ya B ikukwanira kuyendetsera Dyna ya matani awiri imene mukufuna kuitanitsa ku Japan, yoti muzikatengera chimanga ku Mitundu kudzagulitsa kwa Mgona, komanso ngati ingasenze matumba 60 monga ena akuuzirani. Ndaona ambiri pano akuti gulani basi, ndi kagalimoto kakang'ono. Chonde ndalama musatumize kaye.

Tikamati lole ya matani awiri timanena katundu yekha amene inapangidwira kunyamula. Ndi nambala ija 2000kg imene a ku Japan amamata kumbuyo kwa bodi. A Road Traffic ndi apolisi sayang'ana imeneyo. Iwo amayang'ana GVM, kutanthauza kulemera kwa galimoto yonse itapakiridwa mpaka pamene wopanga analola: injini, bodi, mafuta, dalaivala, mnyamata wake ndi katunduyo pamodzi. Laisensi ya B imathera pa makilogalamu 3,500 a GVM. Tsono Dyna, Canter kapena Elf ya matani awiri imalemera kale kuposa matani awiri isanakwezedwe kanthu, ndiye mukawonjezapo katundu wake yadutsa 4,000. Apo pafunika C1, imene imayambira pamwamba pa 3,500 kulekezera 16,000. Ngakhale mukuyenda nayo yopanda thumba ngakhale limodzi, kungochoka ku Biwi kupita ku Area 25, ndi C1 basi, chifukwa lamulo likutsata nambala yolembedwa pagalimoto, osati zimene zili m'bodi tsiku limenelo.

Pamwamba pa C1 muonjezere PrDP, chilolezo cha madalaivala oyendetsa galimoto ngati ntchito, ya katundu, ija ya G. Ndipo ngati mudzachitenso hayala, kusamutsa anthu nyumba kapena kututa mchenga wa eni, ikalembetsedwe ngati yamalonda, ya manambala ofiira, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi zikhale zamoyo. Chimene chimandiopsa ine si chindapusa cha pa rodibuloko. Ndi tsiku la ngozi. Dalaivala akapezeka ndi laisensi yosayenera galimotoyo, a inshuwalansi amapeza pokanira, mlandu wonse n'kutsalira mwini wake.

Za matumba 60 zija ndiye ndikukanizani ndi mtima wonse. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, choncho matani awiri ndi matumba 40. Matumba 60 ndi matani atatu. Ndipo mukudziwa nokha kuti matumba a kumudzi ena amasokedwa atadzaza mpaka kukamwa, chimanga chake chisanaumitsitse, moti 50 yeniyeniyo imapitirira. Mchenga ndiye woopsa kwambiri, umaoneka wochepa m'bodi koma wonyowa umalemera koopsa.

Ndikunena zimene ndinaziona ndekha. Ndinali ndi Canter, ndipo makaniko wina anandiuza kuti tiionjezere masipuling'i kumbuyo kuti izinyamula ngati ya matani atatu. Ndinavomera. Galimoto inasiyadi kukhala pansi, pamaso inkaoneka yamphamvu. Koma mabuleki anali omwe aja, matayala omwe aja, ma bearing omwe aja. Tsiku lina tikuchokera ku Nkhoma titadzaza, pamtsetse mabuleki anatentha, pedo n'kumangolowa. Kutsogolo kunali njinga za kabaza ndi amayi atasenza mitolo. Mulungu yekha ndiye anatigwira, dalaivala anakwanitsa kutsitsa magiya mpaka tinakaima m'mbali. Ndinakhala pansi pa udzu miyendo ikunjenjemera, ndikuganiza za amayi aja. Sipuling'i imangobisa kulemera kwa katundu kuti wapolisi asaone msanga, koma siisintha GVM, ndipo siiimitsa galimoto.

Ngati mukufunitsitsa kuyamba ndi B yomwe muli nayo, yang'anani zing'onozing'ono monga Bongo kapena Vanette ya bodi, zonyamula pafupifupi tani imodzi, matumba osapitirira 20. Za tani imodzi ndi theka zimakhala pamalire penipeni, ina pansi pa 3,500 ina pamwamba, kutengera bodi yake, ndiye musamangomvera wogulitsa. Koma pa ulendo wa Mitundu, mafuta mmene akwereramu, ine ndikanakonda mupirire miyezi ingapo, mupite ku sukulu yoyendetsa, mukweze laisensi kufika C1, kenako mugule Dyna yanuyo muzinyamula 40 mtima uli m'malo. Mukaganiza zolemba dalaivala, laisensi yake muigwire ndi manja anu muone ngati ili ya B kapena C1 komanso tsiku lothera ntchito, musangomva zoti wakhala akuyendetsa malole kuyambira kale.

Musanalipire, muuzeni ajenti wanu akutumizireni chithunzi cha pepala la galimotoyo pamene palembedwa kulemera kwake, yopanda katundu ndi itadzaza. Akakutumizirani liikeni pano tiwerengere limodzi.