Banki yanditengera ndalama za katundu amene ndinatumiza kale, nditani?

Mayi wina amene amagulitsa mafoni pa intaneti ku Lilongwe watilembera imelo. Akuti munthu anagula mafoni awiri ndi khadi ya Visa, ndalama zinalowa, katundu anapita, koma patatha miyezi iwiri banki inachotsa ndalama zonse za mafoniwo mu akaunti yawo n'kuwalipiritsanso chindapusa. Akufunsa ngati zimenezi n'zololedwa, komanso chimene angachite kuti zisawachitikirenso.

Pepani kwambiri mayi. N'zololedwa ndithu, ndipo a mabanki amazitcha chargeback. Mwini khadi akaona pa sitetimenti ndalama zimene sakuzidziwa, amakadandaula ku banki yake. Bankiyo imam'bwezera, kenako imazitenga kwa inu kudzera ku kampani imene imakulandirirani malipiro. Pa madandaulo ambiri, malamulo a Visa ndi Mastercard amapatsa mwini khadi masiku okwana 120. Choncho mukaona pa sikirini kuti malipiro atheka, zimangosonyeza kuti khadiyo ikugwira ntchito ndipo ili ndi ndalama. Sizisonyeza kuti amene walipirayo ndi mwini wake.

Kuti zisakuchitikireninso, chachikulu kuposa zonse ndi 3D Secure. Iyi ndi njira imene banki ya wogula imam'tumizira nambala yachinsinsi pa foni, kapena kum'funsa kuti avomereze pa app, ndalama zisanatuluke. Visa imaitcha Visa Secure, Mastercard imaitcha Identity Check. Malipiro akadutsa mmenemo, mwini khadi n'kudzanena kuti sanagule ndiye, nthawi zambiri amene amaluza ndi banki yake, osati inu. Imbirani kampani imene imakulandirirani malipiro lero lomwe, muifunse ngati 3D Secure ndi yoyatsa pa malipiro onse, ndipo ikuyankheni molemba. Makasitomala ena adzatopa n'kusiya kugula, zoona, koma kwa munthu wogulitsa mafoni, kutaya kasitomala mmodzi sikupweteka ngati kutaya mafoni awiri ndi ndalama zake.

Pa chifukwa chomwechi, musalole munthu kukutumizirani nambala za khadi pa WhatsApp kuti mumulembere nokha. Pamenepo 3D Secure palibe, ndiye zikavuta mlandu wonse ndi wanu. Manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, a CVV aja, wogula azilemba yekha nthawi zonse, ndipo malamulo a makadi amaletsa wogulitsa kuwasunga malipiro akatha.

Malangizo ambiri a kunja amati musatumize katundu ngati adiresi ya mwini khadi ikusiyana ndi ya kolandirira. Kuno zimenezi sizingatheke. Makasitomala anu abwino kwambiri ndi anthu a ku Johannesburg, Leeds kapena Dublin amene akugulira makolo awo ku Area 25 kapena ku Dedza. Komanso njira yoyezera adiresi, yotchedwa AVS, imagwira bwino pa makadi a ku America, Canada ndi Britain. Pa makadi a kuno sithandiza kwenikweni. Ndiye yang'anani zizindikiro zingapo pamodzi. Munthu wachilendo, wogula zinthu zodula zofanana ziwiri kapena zitatu, wosafunsa mtengo kapena mtundu, wokakamiza kuti katundu apite lero, amene wayesa makadi atatu awiri n'kukanidwa, kapena wosintha kolandirira atalipira kale: ziwiri kapena zitatu mwa izi zikakumana, imani kaye tsiku limodzi kapena awiri. Muimbireni foni. Wogulira mayi ake amatchula dzina lawo, mudzi ndi nambala yawo mosajejema. Wakuba amakonda mameseji okha ndipo amapsa mtima msanga.

Mtima ukakayikabe, bwezani ndalama, koma ku khadi yomweyo imene inalipira. Wina akati walipira mopitirira mwangozi ndiye mum'bwezere zotsalazo pa Airtel Money kapena Mpamba, dziwani kuti akufuna kusandutsa khadi yakuba kukhala ndalama za m'manja, ndipo chargeback idzabwera kwa inu yonse.

Mukadzuka n'kupeza malipiro ambirimbiri ang'onoang'ono, ochuluka atakanidwa, amenewo ndi akuba akuyesa makadi. Ikani CAPTCHA, kamayeso kotsimikizira kuti wolipira ndi munthu osati makina, pamalo olipirira, ndipo munthu akalephera katatu atsekeredwe.

Pali madandaulo ena amene 3D Secure sikutetezani: wogula akati katundu sanafike, kapena wafika wosiyana ndi amene anaona. Apa chokupulumutsani ndi umboni basi. Kupatsira foni kondakitala wa minibasi n'kutchipa, koma sikusiya pepala lililonse limene banki ingawerenge. Gwiritsani ntchito otumiza katundu amene amapereka lisiti ya nambala. Wolandira alembe dzina lake lonse, tsiku, asaine, ndipo aonetse chiphaso. Jambulani foniyo ndi nambala yake ya IMEI, imene imaisiyanitsa ndi foni ina iliyonse, musanaikulunge. Sungani zonsezi pamodzi ndi mameseji anu kwa chaka chathunthu. Onaninso dzina limene limatuluka pa sitetimenti ya wogula. Likakhala la kampani yanu yolembetsa osati la shopu limene amalidziwa, anthu osalakwa amakadandaula poganiza kuti aberedwa.

Musaone ma chargeback mopepuka ngakhale ndalama zitakhala zochepa. Ma chargeback akamayandikira imodzi pa malonda 100 alionse, kampani yolandirira malipiro imayamba kusunga gawo la ndalama zanu, mwinanso kutseka akaunti.

Tsopano za mlandu wanuwu. Funsani nambala ya chifukwa chake. Ku Visa, 10.4 imatanthauza kuti mwini khadi akukana kuti anagula, pamene 13.1 ndi yoti katundu sanalandire. Ngati ndi 13.1 ndipo muli ndi siginecha ya wolandira, tsutsani, mwayi ulipo. Ngati ndi 10.4, funsani ngati malipirowo anadutsa mu 3D Secure. Ngati anadutsa, perekani umboni umenewo. Ngati sanadutse ndipo khadi inalidi yakuba, tisakunamizeni, kupambana n'kovuta, koma kanenenibe kupolisi ndi nambala za IMEI. Chilichonse chimene mungachite, onani tsiku lomaliza loyankhira pa kalata yokudziwitsani za chargeback imeneyi. Nthawi zambiri amapereka masiku ochepa, ndipo likadutsa osayankha, amautenga ngati mwavomera.