Yankho pa funso la silikoni wosintha mtundu pochita etching (kudya pamwamba pake ndi asidi)

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake tizidutswa tanu ta wafer (kambale kopyapyala ka silikoni) tikutuluka tabulauni, pena tabuluu, mukativiika mu msakanizo wa HF (hydrofluoric acid), nitric acid ndi acetic acid, pomwe mumayembekezera kuti tituluke tonyezimira. Musafulumire kutaya mankhwala onse. Silikoni weniweni ndi wotuwa ndipo sasintha mtundu, choncho chimene mukuonacho ndi kachikopa kopyapyala kamene kayala pamwamba pake, ndipo muyenera kudziwa kaye kuti kachikopako n'kachiyani.

Mitunduyo imabwera mofanana ndi imene timaona mafuta a galimoto akadontha pa chithaphwi, chifukwa kuwala kobwerera pamwamba pa kachikopa kumakumana ndi kobwerera pansi pake. Oxide (silikoni wophatikizana ndi oxygen) wokhuthala ma nanometer 70 (nanometer ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) amaoneka wabulauni, pomwe wa ma nanometer 120 amaoneka wabuluu. Kuti muyese, viikani kachidutswa kamodzi mu HF wosungunulidwa ndi madzi kwa mphindi zingapo, kenako mukatsuke. Ngati mtundu wachoka ndipo madzi akuthawa pamwamba n'kusanduka timadontho, ndiye kuti anali oxide basi.

Ine ndikukhulupirira kuti mtunduwo sudzachoka, ndipo mudzapeza kuti ndi porous silicon, silikoni wa timabowo, amene Arthur Uhlir anamutulukira ku Bell Labs, malo a kafukufuku a ku America, mu 1956. Mu msakanizo wanuwo, ntchito ya nitric acid ndi kusandutsa silikoni kukhala oxide, ndipo HF amasungunula oxide ameneyo. Nitric acid akachepa, silikoni sadyeka mofanana ponseponse, koma amatsala ndi timabowo tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso. Umboni wake ndi wosavuta kuupeza: kachidutswa kotere mukakaika mu KOH (potassium hydroxide) wosungunulidwa ndi madzi ambiri, kosatenthetsa, kamatulutsa thovu nthawi yomweyo ndipo mtundu umazimiririka. Muonenso botolo lanu la nitric acid, pakuti kutentha ndi kuwala zimamuwononga mpaka asanduke wachikasu, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Chipata sikusewera ngati botolo likukhala pafupi ndi zenera.

Pali chinthu china chimene ambiri sachilabadira. Banga limatha kubadwa pa masekondi ochepa aja pamene mwatulutsa kachidutswa n'kukagwira m'malere, chifukwa asidi wotsalira pamwambapo amapitiriza kudya silikoni pamene nitric acid wake watha kale. Musakalole kuyanika mumpweya. Kasamutseni msangamsanga m'chiwiya chachikulu cha madzi chimene mwaika pambali pomwepo, kapena thirani madzi ambiri m'chiwiya cha asidicho kachidutswa kali momwemo.

Madzi a pampopi kapena a pachitsime sayenera pa ntchito imeneyi, chifukwa amasiya mchere ndi tizitsulo. Pamafunika madzi a DI (ochotsedwa mchere wonse), amene abwino kwambiri amafika 18.2 megaohm-cm pa muyeso wa kuyera kwake, ndipo mukatsuka muumitse ndi nitrogen kuti madontho asasiye zizindikiro. Chopanira chachitsulo chichoke, mugwiritse ntchito cha pulasitiki ya Teflon, pakuti zitsulo ngati kopa zikasungunuka mu HF zimamatirira pa silikoni.

Ndikupempheni kwambiri kuti musatsegule HF popanda calcium gluconate gel (mankhwala opaka pamene HF wakhudza khungu) pafupi, magolovesi oyenera ndi munthu wina m'chipindamo, chifukwa asidi ameneyu amalowa pakhungu mpaka kufupa ululu usanayambe. Mukayesa ziwiri zija, mutiuze muyeso wa msakanizo wanu ndi zimene kachidutswako kachita mu KOH.