Ndikongole ndalama yogulira kamera ina?

Funso: Ndimajambula pa zinkhoswe ndi maukwati. Panja zithunzi zimatuluka bwino, koma m'holo madzulo zimadzaza timadontho ngati mchenga. Mwezi watha mwini ukwati wina anakana kumaliza kulipira. Ndikuganiza zokongola ku banki mkhonde kuti ndigule kamera ya full frame, chifukwa yangayi ndi ija imabwera ndi lenzi ya 18-55mm. Mukuona bwanji? Wojambula wa ku Chilomoni.

Yankho: Achimwene, ngongoleyo iyambe yadikira. Kamera yanu sikudwala, ikungosowa kuwala.

Mchenga umenewo umabwera pamene sensa, kachipangizo ka m'kati mwa kamera kamene kamagwira chithunzi, yalandira kuwala kochepa. Ambiri amaloza chala ISO, nambala imene mumakweza pa kamera kuti chithunzi chiwale, koma ISO ili ngati kukweza voliyumu ya wailesi imene sikugwira bwino: mawu amakwera, kusokosera nakonso kumakwera. Mukafika pa ISO 6400 ndiye kuti m'holomo munada kale. Ndipo chizolowezi chojambula chithunzi chakuda pa ISO yotsika n'kukachiwalitsa pa kompyuta sichithandiza, mchenga uja umavumbuluka basi.

Tiwerengere limodzi. Sensa ya full frame ndi yaikulu pafupifupi kawiri ndi theka kuposa yanuyo, ndiye phindu lake likuthera pomwepo. Koma lenzi yanu mukaikokera pa 55mm imatseguka mpaka f/5.6 yokha (nambala ya f ikamachepa, bowo lolowetsa kuwala limakula), pamene ya 50mm f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi. Malo amene mumavutika pa ISO 6400 mutha kujambula pa 800, shata (kachitseko kolowetsa kuwala) ili pa 1/125 ya sekondi pomwepo kuti ovina pa perekaniperekani asatuluke mbuu. Mtengo wa lenzi ya 50mm ndi kachigawo chabe ka mtengo wa kamera mukuilakalakayo, makamaka mukapeza yogwiritsidwapo kale ntchito. M'holo yothina, lenzi ya 35mm ndiye yabwino.

Chenjerani pa f/1.8: mkwatibwi amaoneka bwino, koma ankhoswe amene aima kumbuyo kwake amatuluka mbuu. Pa chithunzi cha gulu bwererani pa f/4 kapena f/5.6 n'kuyatsa fulashi. Ilozetseni ku siling'i yoyera, osati kumaso kwa anthu. Denga la malata lopanda siling'i limameza kuwalako, ndiye pamenepo tembenuzirani ku khoma loyera.

Za kasitomala anakana uja, muphunzirepo kutenga theka la ndalama tsiku lisanafike. Muzipitanso kukaona holo pa nthawi yofanana ndi ya mwambowo, ndipo ngati muli mdima muuzeni mwini ukwati kuti mubwera ndi magetsi obwereka, mtengo wake ulowe mu kotesheni.