Kutchinga phokoso la jenereta ndi mizere ya mapaipi

Bambo, mwafunsa ngati mizere ya mapaipi a PVC ingatchinge phokoso la jenereta ya pashopu yanu ku Kamwala, mu Lusaka. Ingatchinge, koma gawo chabe. Mapaipi oimikidwa motalikirana mofanana ndiwo phononic crystal: mafunde a phokoso akagunda mzere uliwonse amabwerera n'kufafanizana, motero pamakhala mafrikwensi (kuchuluka kwa mafunde pa sekondi) ena osadutsa, amene timati band gap.

Kuti mupeze pakati pa band gap, gawani liwiro la phokoso, mamita 343 pa sekondi, ndi mtunda wa pakati pa mapaipiwo (m'mamita) mutauwirikiza kawiri. Masentimita 10 akupatsani pafupifupi 1,700 Hz (mafunde 1,700 pa sekondi). Muyeze kuchokera pakatikati pa paipi kufika pakatikati pa inzake, osati m'mphepete. Tengani mapaipi onenepa mamilimita 75, mizere isanu, ndipo atalike kuposa jenereta chifukwa phokoso limazembera pamwamba. Mapaipi akaonda kwambiri, phokoso lobwera chopingasa limangodutsa.

Chovuta ndi kuguguma kwa injini, cha m'ma 100 Hz. Kumeneko kumafuna mtunda wa mamita 1.7, malo amene pashopu palibe. Apo mangani kakhoma ka mabuloko, musiye polowera mpweya kuti injini isatenthe, ndipo jeneretayo muikhazike pa labala wochindikala.